Amayi akukana kubwera kutauni, mng'ono wanga sakuchoka pabalaza: nditani?

Bambo a Tadala, Area 25

Abale, ndithandizeni maganizo, mwina ena munadutsamo.

Ndili ndi zaka 36, ndimagwira ntchito ku Kanengo, ndipo ndimachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Area 25. Chipinda china timagona ine, mayi akunyumba ndi khanda. Chinacho muli mwana wathu wamkazi wa Sitandade 4 ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa akazi anga, wa zaka 22, amene akuphunzira zosoka. Pabalaza pamagona mng'ono wanga. Iyeyu ali ndi zaka 28. Anabwera atamaliza dipuloma ya zowerengera ndalama, akuti angokhala pang'ono pofuna ntchito, ndipo mpaka lero akadali pompo. Makalata ofunsira ntchito amalemba ndithu, sindimunamizira. Koma kuitanidwa n'kwa apo ndi apo. Masiku ano amathandiza mnzake pa kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba, ndipo zomwe amapeza zimathera bandulo ndi sopo.

Nkhani yandisowetsa tulo ndi ya amayi. Ali kumudzi, kufupi ndi Linthipe ku Dedza, zaka zawo zili cha m'ma 70. Abambo anatisiya kalekale. Amakhala ndi kamdzukulu ka Sitandade 6, mwana wa malemu mlongo wanga. BP imawavuta, maso ayamba ng'ala, ndipo mwezi wa June, kuzizira kuja kwa ku Dedza, anagwa pochokera kumjigo ndowa ili pamutu. Anakhala pomwepo mpaka anthu opita kudimba anawapeza. Ine ndinamva m'mawa mwake, poti foni yawo inalibe moto.

Ndinakwera minibasi ndi mawu amodzi basi: tiyeni ku Lilongwe. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndikagona pati?" Ndinati tikonza. Iwo amvekere, "Nanga nkhuku? Kachewere wa kudimba athirire ndani? Pamudzi pano pakagwa zovuta, anthu adzati ndili kuti?" Mapeto ake anati ngati ndikufuna kuwaika m'manda msanga, ndikawatsekere mumpanda.

Akazi anga sanakane, komanso sanavomere. Anangoti, "Ndi mayi anu, mukudziwa ndinu." Amene muli pabanja mukudziwa kuti yankho limeneli si inde.

Nyumba ya zipinda zitatu sindingaikwanitse. Pano ndikulipira K140,000 pamwezi, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 malipiro anga sanapezenso mpweya. Kuti amayi apeze pogona, wina ayenera kutuluka. Ndiye ndifunse: munthu wa zaka 28 umamuuza bwanji kuti akadziimire payekha, kumudzi osamva kuti wathamangitsa m'bale wako chifukwa cha mkazi? Nanga kholo lokalamba likakana kusamuka, mumalikakamiza kapena mumalisiya lidzagwenso?

Agogo a ku Lunzu

Bambo a Tadala, ndikuyankheni ngati mnzawo wa mayi anu, pakuti zaka zathu sizikutalikirana.

Ine ndinaphunzitsa kupulaimale mpaka kupuma pa zaka 60, ndipo ndalama zopumira ndinamangira kanyumba kuno ku Lunzu. Ndimakhala ndi mdzukulu mmodzi. Mwana wanga wamwamuna ali ndi nyumba yabwino mumzinda wa Blantyre, ya matailosi, ndipo chaka ndi chaka amandiuza zomwe mwawauza mayi anuzo. Ndimapitako, ndimagonako pang'ono, n'kubwerera kwanga. Ndikuuzeni chifukwa chake, poti mayi anu zina sangakuuzeni pamaso.

Tiyambe ndi chimbudzi, ndipo musaseke. Munthu amene moyo wake wonse chimbudzi chakhala kuseri kwa nyumba, lero azilowa m'kachipinda koyang'anizana ndi pabalaza pomwe mwana wake wamwamuna ndi mpongozi akuonera TV, akatsegula madzi nyumba yonse n'kumva. Ine ndimapirira mpaka onse akagone. Ndiye pali moto. Kwanga ndikafuna phala la mgaiwa mbandakucha ndimangosonkha. Kwa mwana wanga ndimadikira mwini khitchini adzuke, ndipo ndikagwira poto mtsikana wantchito amathamanga kudzandilanda, ati agogo pumani. Kupuma chiyani? Mpongozi wanga ndi munthu wabwino, sanandilakwirepo. Koma ndikangofika amavula buluku n'kumanga chitenje, amagwada pondipatsa madzi, amachepetsa mawu poseka ndi mwamuna wake, ndipo ndimaona ndekha kuti ndamusandutsa mlendo m'nyumba mwake momwe. Kukacha onse apita, geti yatsekedwa, wocheza naye ndi wailesi.

Anthu amakonda kunena kuti kale tinkakhalira limodzi. N'zoona, koma tinkagawana bwalo, denga ayi. Kwanu ku Dedza mukudziwa. Mnyamata akangosinkhuka ankatuluka m'nyumba ya makolo kukagona kugowelo ndi anzake, ngakhale nsima ankadyabe ya mayi ake. Atsikana ankagona kukuka kwa agogo awo aakazi, kumene ankamvera nthano ndi malangizo, ndipo ndiwo ankatungira agogowo madzi ndi kuwasesera pakhomo. Mtsikana akakwatiwa, mkamwini ankabwera kudzamanga nyumba yake ndi nkhokwe yake chapafupi, n'kumalima munda wa apongozi, koma osadya nawo mbale imodzi. Nkhalamba inali ndi khomo lake ndi mafuwa ake, koma ikatsokomola usiku ana ake aakazi ankamva. Msinkhu uliwonse unali ndi pogona pake. Inu mukufuna kulowetsa gowelo, kuka, nyumba ya banja ndi nyumba ya agogo m'zipinda ziwiri za lendi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tikagawa mofanana, khomo limodzi m'Malawi muno limakhala ndi anthu 4.4. Inu muli kale 6, ndipo amayi akabwera sangasiye kamdzukulu kaja, ndiye mukhala 8.

Funso langa ndi ili: alongo anu ena ali kuti? Pachichewa wosamala mayi tsiku ndi tsiku ndi mbumba. Inu ndinu malume, woyang'anira. Udindo wanu ndi kuonetsetsa kuti pakhomo paja pali munthu, pali chimanga, denga silikudontha. Sikuti muwanyamule.

Ganiziraninso za munda. Ine ndili ndi penshoni ya boma, yochepa koma imabwera. Lamulo la penshoni limakhudza olembedwa ntchito, mlimi mulibemo. Mtukula Pakhomo, uja anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja ochepa osaukitsitsa, ndipo mayi amene ali ndi mwana wogwira ntchito ku Kanengo musawawerengere. Penshoni ya mayi anu ndi munda, dimba, nkhuku ndi anthu amene akhala akuwalirira maliro zaka zonsezi. Akachokapo nyengo ziwiri zokha mudzapeza wachibale wina walimamo, ndipo kumuchotsa ndi milandu kwa anyakwawa. Dothi limenelo mwini wake wa mawa ndi kamtsikana ka malemu mlongo wanu. Mayi anu akamakana, akulondera za mwanayo.

Za maso musachedwe nazo. Ng'ala amachotsa, ndipo chipatala cha Nkhoma, chodziwika ndi za maso, sichili kutali ndi kwanu, mumakhotera pa Kamphata. Kugwa kuja mwina si miyendo, mwina sanauone mwala. Akachitidwa opaleshoni abwere kwanu adzachire milungu ingapo, mng'ono wanu akagone kwa mnzake masiku amenewo. Koma muwauze tsiku lobwerera asanakwere galimoto, apo ayi sakwera.

Wa pabalaza wakale, Ndirande

Akulu, ine ndimuyankhire mng'ono wanuyo, chifukwa ndinali iyeyo. Ndili ndi zaka 29, ndipo nditamaliza koleji ndinagona pabalaza pa achimwene anga ku Chilomoni nthawi yaitali ndithu.

Musaganize kuti akumva kukoma. Munthu wa pabalaza amagona womaliza, kudzuka woyamba. Achimwene akamaonera Champions League usiku, iwe ukuodzera pampando kudikira kuti uyale matiresi. Kusanayere wapinda kale, kuti alamu akatuluka asakupeze uli chigonere. Zovala zako zonse zili m'chikwama kuseri kwa sofa. Chibwenzi sungabwere nacho, umakumana nacho pa siteji ngati mwana wa Fomu 2. Nyama ikaphikidwa umawerenga nthuli ndi maso kuti usapyole. Shuga akatha msanga palibe amene amalankhula, koma umadziwa amene akuganiziridwa.

Agogo a ku Lunzu anena bwino za gowelo, ndawamva. Koma agogo, gowelo ankamanga ndi mitengo ya kuthengo, dothi ndi udzu, pamalo a makolo, osalipira tambala. Gowelo wa m'tauni ndi chipinda cha lendi, ndipo landilodi amafuna miyezi itatu pasadakhale. Onjezanipo mayunitsi a ESCOM, madzi a pakiyosiki, mbaula, makala, poto. Agogo athu aamuna pa zaka 28 anali ndi munda, mkazi ndi ana, ena atapita kale ku Wenela kapena ku Salisbury n'kubwerako ndi njinga ndi jekete. Ife tinauzidwa kuti sukulu ndiye tsogolo, tinamvera, zaka zomwe iwo ankamanga nyumba ife tinali m'kalasi, ndipo tatuluka ndi pepala lomwe aliyense akuti "tikuimbirani". Si ulesi ayi.

Chomwe chinandithandiza ine: achimwene anandikhazika pansi awiriwiri, osatuma alamu, osadzera m'mafanizo. Anati, pofika mwezi wakuti upeze mnzako mugawane chipinda, miyezi itatu yoyamba ndilipira ine, matiresi ndi poto mmodzi utenge. Ndinakwiya sabata yonse, sindibisa. Kenako ndinapeza mnzanga wa kukoleji, tinatenga chipinda kuno ku Ndirande. Lendi ikamakudikira mutu umagwira ntchito mwina: masana ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina yapulaiveti, madzulo ndimalembera mabuku a ndalama eni magolosale awiri amene ankangosunga malisiti m'jumbo. Mng'ono wanu ali ndi pepala la zomwezo, ayambe kuyenda m'mashopu a ku Nsungwi osati kungodikira maofesi. Lamlungu ndimakadya kwa achimwene, ndipo pano alamu amachita kundiimbira okha.

Chimene chimapweteka si kuuzidwa kuti uchoke. Ndi kumenyetsa zitseko, kuthimitsa TV munthu akuonera, kapena kuuza mwana kuti "ena amangodya muno". Zimenezo ndiye zimafika kumudzi.

Ndipo ndikufunseni, akulu: mlamu wanu wa zaka 22 bwanji simukumuwerengera pa otuluka? Ndikudziwa yankho. Mtsikana amabereka khanda, amachapa, amaphika, ndiye amaoneka wothandiza. Mnyamata amangooneka pakamwa. Sindikuti mumuchotse, akadali wamng'ono ndipo akuphunzira. Koma mng'ono wanu akuziona, ndipo mukamalankhula naye munene poyera kuti nayenso mlamu akamaliza zosoka ali ndi tsiku lake. Chinanso, musayerekeze kumuuza kuti apite kumudzi akasamale amayi. Mnyamata wa ndevu sangasambitse mayi ake, ndipo mudzangokhala mwawonjezera munthu wodikira nsima pakhomo pa nkhalamba.

Mayi a mapasa, Johannesburg

Agogo a ku Lunzu, ulemu wanu, koma mudzi umene mukufotokozawo sunatsale paliponse. Ndine wa ku Machinga, zaka 41, ndimalera ana a eni ake kuno ku Joni. Ana anga ndinawasiyira amayi. Pabwalo pathu panali nyumba za ana aakazi anayi a agogo anga. Lero mwatsala amayi okha. Awiri anapita ndi matenda aja m'zaka za m'ma 1990, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, ndipo ana awo analeredwa ndi amayi omwewo. Ife a msinkhu wotsatira tili ku Joni, ku Lilongwe, ena anatengedwa chitengwa. Nkhalamba ikatsokomola usiku masiku ano, womva ndi mwana wa Sitandade 6. Kuka watembenuka: si atsikana akusamala agogo, ndi agogo akulera ana a anthu amene kulibe.

Ndipo musaiwale kuopsa kwake. Mayi wokalamba, wokhala yekha, maso ofiira ndi utsi, nyumba ya malata, foni n'kumalira kuti Mukuru yalowa. Pamudzi pakangomwalira mwana mwadzidzidzi, zala zimaloza kuti? Tonse tikukumbukira za ku Neno mu January 2016, pomwe okalamba anayi anaphedwa chifukwa mphezi inapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti mfiti, koma usiku apolisi ali kutali. Nkhalamba imene ili ndi munthu wamkulu pakhomo anthu amaiopa kuinena.

Ndiye ine ndikugwirizana ndi agogo pa chimodzi: musawasamutse. Koma musawasiyenso ndi kamwana kokha. Ine ndinapeza msuweni wanga amene banja lake linatha n'kubwerera kumudzi ndi ana awiri. Tinakambirana pamaso pa amalume, ndinamugulira malata, anamanga pafupi ndi amayi, khomo kuyang'anana ndi khomo. Amaphika payekha, amayi amaphikanso paokha, koma madzi ndi nkhuni ndi za iye, ndipo tsiku la sikelo ya BP amawaperekeza. Ndinagula kasola kakang'ono kotchajira foni kuti nkhani yoti foni inalibe moto ithe. Ndalama ndimatumiza pawiri, ya amayi kwa amayi, ya iye kwa iye. Mukaphatikiza, mudzamva kuti wina akudya za mnzake.

Tsopano za akazi anu, bambo a Tadala. Inu m'mawa mumapita ku Kanengo. Amayi akadzadwala chogona, wowatembenuza, wowasambitsa, wochapa zofunda ndi ndani? Si inu, mwambo sukulolani n'komwe. Ndi mayi a Tadala, khanda lili kumsana. Ndiye akamati "mukudziwa ndinu" akutanthauza kuti mwagamula kale mlandu umene wodzagwira ntchito yake ndi iwo. Afunseni bwinobwino, ana atagona, ndipo musayambe ndi mawu oti "amayi akubwera".

Za mng'ono wanu sindinena zambiri. Ine wa zaka 41 ndimagona chipinda chimodzi ndi amayi anzanga atatu, tinatchinga ndi makatani, aliyense ali ndi ana kumudzi. Kugawana chipinda sikupha munthu.

Wa ku Embangweni

Kungowonjezera pang'ono. Zomwe anena agogo zoti wosamala mayi ndi ana aakazi ndi za kwa Achewa, Ayao ndi Alhomwe. Kwathu ku Mzimba n'zosiyana: timapereka malowolo, mkazi amabwera kwa mwamuna, ndipo makolo akakalamba amayang'ana mwana wamwamuna ndi mkazi wake. Kwathu munthu atafunsa kuti "alongo ako ali kuti" angamudabwe, poti alongowo akusamala apongozi awo kwina. Ndiye zimatengera kuti akazi anu anakulira mwambo uti, chifukwa zomwe inu mukuziona zachidziwikire mwina kwa iwo n'zachilendo. Koma ngakhale kwathu, abambo anga ali ndi nyumba yawo, achimwene anga ndi banja lawo ali ndi yawo kumbali. Chakudya chimachoka uku kupita uko pa mbale yovundikira.

Bambo a Tadala, Area 25

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo.

Agogo, alongo anga anali awiri. Wamkulu ndi malemu uja. Wamng'ono anatengedwa chitengwa, ali ku Kasungu kwa amuna ake, amalima fodya, ndipo kubwera kwake ndi pamaliro kapena akagulitsa. Ndiye bwalo lathu lili ngati lomwe anena mayi a mapasa. Za munda mwandikumbutsa zoona. Chaka chatha amalume ena a kubanja lina anayamba kale kufunsa ngati amayi akadali ndi mphamvu zolima mbali ya kumtsinje.

Akazi anga ndi a ku Ntcheu. Ndinawafunsa usiku wathawu monga ananenera mayi a mapasa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga amayi anga akadzadwala adzagona pati?" Iwo ndi mwana wamkazi woyamba kwawo, ndipo kwawo akuyang'ana iwo. Pa za opaleshoni ya maso sanavute, akuti amayi abwere adzachire, iwo agona ndi ana, chipinda chathu tiwapatse.

Mng'ono wanga ndalankhula naye panja, titakhala pa njerwa. Sanakwiye monga ndimaopera. Akuti anali atafunsa kale mtengo wa chipinda ku Mgona pamodzi ndi mnzake wa pabenchi uja, chinkawakanika ndi cha pasadakhale, ndipo ankachita manyazi kundipempha. Tagwirizana kumapeto kwa mwezi wa mawa.

Loweruka ndikupita ku Linthipe kukakhala pansi ndi amalume enieni. Alipo mwana wa mayi aang'ono amene anabwerera pamudzi ukwati utatha, ali ndi ana atatu ndipo akusungidwa mothinana kwa mchimwene wake. Mayi a mapasa, msuweni wanuyo mumamupatsa ndalama mwezi ndi mwezi, kapena mumangomugulira feteleza ndi mbewu nthawi ya dzinja? Ndikuopa kuti ndikatchula malipiro zikhala ngati ndalemba ntchito m'bale wanga, ndipo mwezi umene ndidzachedwe kutumiza amayi ndiwo adzaone nkhope.